Nyanja ya M'galasi

Kuseri kwa sitolo ya matayala ku Limbe
Che Njaidi amaweta nyanja m'mabokosi a galasi.
Ndafika ambulera ikudontha,
chiperoni chakutira Mpingwe mpaka m'khosi,
ndipo m'kachikwama muli ndalama
zimene ndinauza ana kuti ndi za malata.

Bambo a Ndaziona anayendetsa thiraki zaka makumi awiri,
kutulukira pa Mwanza, kukagona ku Beira.
Ankabwera ndi mchenga m'masokosi
ndi nkhani za madzi ochuluka osamweka.
Msana utawakana, anaika nyanjayo pabalaza
pamene panali kabati ya mbale zanga.
Tinakangana sabata yathunthu.
Lero ndine ndimapukuta galasilo,
ndimayeza mchere m'mawa ndisanaphike tiyi,
ndimayang'anira miyala yamoyo
imene imaphuka ngati bowa nyale ikayaka,
ndi kansomba kamodzi kalalanje, ka mizere yoyera,
kamene katsala kokha kuyambira Febuluwale.

Ndaloza yachikasu, yopyapyala ngati tsamba.
Che Njaidi apukusa mutu.
Imeneyo, mayi, imafuna bwalo lothamangamo.
Thanki lanu ndi chipinda cha lendi ku Ndirande,
bedi ndi mbaula zimagundana.

Nanga yabuluuyo?
Aseka, dzino lagolide kuwala.
Mtengo wake ndi wabwino, khalidwe ndiye ayi.
Ikalowa Lolemba, Lachitatu ndi mwininyumba,
anzake onse m'makona, zipsepse zong'ambika.

Yamadontho ija, yovala ngati ikupita ku chinkhoswe,
ndaiyang'ana nthawi yaitali.
Iwo angoti: imadya miyala yamoyo,
pang'onopang'ono, kadyedwe ka chiswe.
Mudzadzuka tsiku lina munda wa amuna anu uli mbuu.

Ndakhala pa ndowa yovundikira.
Panja kondakitala akuitanira a ku Bangwe.
Sindinadziwe kuti kusankha nsomba
ndi kukana, kukana, kukananso,
maso akufuna, nzeru zikuti dikira.

Pansi penipeni, pamene sindinayang'ane,
kali kansomba kotuwa, kamaso otuluka,
kakutapa mchenga ndi kukamwa
n'kuulavulira m'makha, woyera.
Palibe amene amakafunsa, atero Che Njaidi.
Kamasesa, sikayankha munthu.
Ndati ndikukadziwa. Ndinagwira nako ntchito
zaka zambiri kochapira zovala ku chipatala.
Kakulungeni.

Tsono wa lalanje uja, mnzake?
Tengani wamng'ono kuposa wanuyo,
ofanana msinkhu amaphana.
Ndipo musadabwe: wamkuluyo asanduka mkazi,
ndiwo mwambo wa mtundu wawo.
Ndaseka mpaka kugwira m'nthiti.
Bambo a Ndaziona ankakatchula Kaputeni,
kamwalimu ka nyumba yonse.
Akanamva zimenezi akanazimitsa wailesi.

Mu minibasi ndafungata majumbo awiri ofufuma,
madzi akugwedezeka pa dzenje lililonse.
Mtsikana wa yunifolomu andifunsa ngati n'zokazinga.
Ndati ayi, mwanawe, awa ndi alendo.

Alendo sagona kuchipinda tsiku loyamba.
Akhala m'kathanki ka pakhonde masabata atatu,
ndione ngati sanabwere ndi nthenda ya kwawo.
Kaputeni akuwaonera patali,
akuzungulirazungulira mwala wake.

Sikisi koloko magetsi athima, mwa nthawi zonse.
Mpope waleka kung'ung'udza.
Ndagwada mumdima, tochi kukamwa,
kulumikiza mawaya ku batire la thiraki lija,
ofiira kwa ofiira, monga anandiphunzitsira
ine ndikunamizira kusamva.
Thovu layambanso kukwera.

Chilomoni yense ali chete, kupatula agalu.
Nyanja yeniyeni sindinaionepo,
akuti ili kutali, kuseri kwa malire.
Ndanyambita chala chonyowa.
Mvula yayamba, ikudonthera pakona paja
pamene malata akanakhala atsopano,
ndipo ndapita kukatenga beseni.